Tinthu Toyandama M'maso

Tsiku lopanda mitambo imani pabwalo la sukulu, fulatirani dzuwa, ndipo yang'anani kumwamba. Ena mwa inu adzaona timadontho kapena tiulusi totuwa tili kuyandama. Mukafuna kutipenyetsetsa timathawa, mukaleka timabweranso. Musatikite diso, pakuti tinthu timeneti tili m'kati mwace.

Diso ndi lobulungira ngati kampira. M'kati mwace mwadzala madzi olimbirako, oyera mbee, onga coyera ca dzira laliwisi. Kumbuyo kwa madziwo kuli kansalu kopyapyala kamene madotolo amakacha retina. Pa kansalu kameneka ndi pamene pamagwa cithunzi ca zonse zimene tiona. Tsono m'madzi muja mukakhala tizidutswa, mithunzi yace imagwa pa kansaluko, ndipo ife timayesa tikuona nchenche. Toyandama tocepa, timene munthu wakhala nato zaka zambiri, sitibvuta.

Munthu akapitirira zaka 50, madzi aja amayamba kusungunuka ndi kukhwinyata, natayana ndi kansalu. Potayanapo nthawi zina amakakoka, ndipo munthu amaona kung'anima ngati mphezi m'mbali mwa diso, makamaka mumdima. Kwa anthu ambiri zimathera pomwepo. Koma kwa ena kansalu kamang'ambika, madzi nalowa kuseri kwace, ndipo kamamatuka monga limamatukira dothi la pacipupa cimene cabvumbwa. Mbali imene yamatuka siionanso.

Coopsa cace n'cakuti nthendayi siipweteka konse. Diso silifiira, silituluka manthongo. Cifukwa cace akulu ambiri amangoti, “N'kutopa cabe, ndiona mawa.” Komatu mawa angapeze mdima utafika pakati pa diso.

Tsono inu a ku Kafue Estates, cherani khutu pamene akulu adandaula za maso. Kapena ambuye anu anena kuti timadontho tacuruka mwadzidzidzi ngati inswa pa mvula yoyamba. Kapena atate, pocokera ku nchito, akuti aona mphezi koma kunja kuli ngwee, kapena kuti cinsalu cakuda cikutseka diso kuyambira m'mbali. Apempheni mwaulemu kuti apite ku cipatala ca Kafue tsiku lomwelo. Asathire m'diso madzi a masamba kapena a shuga. Zimenezi sizifika pamene pali bala. Amene ayenera kucenjera koposa ndiwo osaona bwino patali, amene anacotsedwa ng'ala, odwala nthenda ya shuga, ndi amene anagundidwa m'diso. Pano tikumbutse anyamata a malegeni kuti ngakhale mwana kansalu kace kangathe kung'ambika.

Nthenda ikaoneka yaikuru, wodwala amatumizidwa ku Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 45, kumene kuli madotolo a maso pa University Teaching Hospital. Dotolo amathira mankhwala okulitsa mwanadiso, nasuzumira m'kati ndi nyali. Cipangizo coonera m'diso anacipanga Hermann von Helmholtz wa ku Germany, nacilengeza m'caka ca 1851. Ngakhale zinali tero, anthu omatuka kansalu anali kucitabe khungu, kufikira m'zaka za m'ma 1920 pamene Jules Gonin wa ku Lausanne anaonetsa kuti mankhwala ace ndiwo kutseka pong'ambikapo. Iye ankawamba ndi kacitsulo kamoto. Lero kabala kakapezeka msanga amakatseka ndi kuunika kwa laser, ndipo kawirikawiri munthu amabwerera kwao tsiku lomwelo. Kansalu kakamatuka ndithu pafunika opaleshoni, ndipo si onse amene amaonanso monga kale.

Mafunso

1. Kodi timadontho toyandama timacokera kuti?
2. Cifukwa ninji anthu amacedwa kupita ku cipatala ndi nthendayi?
3. Mungawauze ciani ambuye anu ataona mphezi kunja kulibe mvula?