Pansi America, Pamwamba Ulaya: Momwe Alimi a Mphesa Amasankhira Tsinde

Anzanga, mudaonapo mlimi akumezanitsa mango kapena malalanje? Amatenga kanthambi ka mtengo wa zipatso zokoma n'kukalumikiza pa tsinde la mtengo wolimba. Alimi a mphesa nawonso amatero, koma iwo adachita kukakamizika.

Cha m'ma 1863, mipesa ya kumwera kwa France idayamba kufota. Mu 1868, Jules-Émile Planchon adafukula mizu n'kupezamo tizilombo tonga nsabwe za m'masamba, totchedwa phylloxera, tochokera ku North America. Timayamwa mizu, m'mabalamo mumalowa matenda, mizu n'kuwola. Minda yambiri ku Ulaya idatheratu, ndipo mu 1886 tizilomboti tidapezekanso ku Cape, ku South Africa.

Ndiye adatani? Mipesa yakutchire ya ku America idakhala ndi tizilomboti kuyambira kalekale, motero mizu yake imapirira. Vuto ndi loti mphesa zake sizikoma ngati za mtundu wa ku Ulaya, Vitis vinifera. Basi, alimi adaphatikiza ziwirizi. Mphesa zimakhalabe za mtundu wa kanthambi. Tsinde limangopereka mizu, madzi ndi michere.

Komatu si tsinde lililonse. Mlimi amayamba wafunsa izi:

Nthaka ili ndi laimu wambiri? M'nthaka yotere mpesa umalephera kuyamwa ayironi, masamba n'kuchita chikasu. Mtundu wa Vitis berlandieri, womera m'miyala ya laimu ku Texas, umapirira, T.V. Munson adathandiza kuufikitsa ku France.

Mvula ndi yochepa? Tsinde la 110 Richter limazika mizu mozama, limalimbana ndi chilala.

M'mchenga muli tinyongolotsi todya mizu? Apa ambiri amasankha Ramsey.

Nthaka ndi yachonde kwambiri? Riparia Gloire limachepetsa kukula, kuti mpesa usangochulutsa masamba.

Ukalakwitsa, umalira. Ku California alimi ambiri adadalira tsinde la AxR1, lomwe kholo lake limodzi ndi Vitis vinifera yemwe uja. M'zaka za m'ma 1980 phylloxera idaligonjetsa, ndipo minda yambiri idazulidwa n'kubzalidwanso. Kumbukirani, mpesa umakhala zaka makumi angapo, ndipo mizu siisinthika ngati malaya.

Ntchito yanu nayi: mukapita kunazale ya mitengo, funsani wogulitsa kuti mbande ya lalanjeyo adaimezanitsa pa tsinde lanji, ndipo adasankhiranji limenelo.