Kodi mtolankhani angagone m'thumba la boma?

Funso: Akuluakulu, ndimamva kuti atolankhani okhala m'maiko olamulidwa mwankhanza amakondera boma. N'zoona, kapena ndi kaduka chabe?

Yankho: Nthawi zina ndi miseche, koma zimachitika ndithu. Walter Duranty wa New York Times ankakhala ku Moscow m'nthawi ya Stalin. Mu 1933 mtolankhani wina, Gareth Jones, anayenda wapansi m'midzi ya ku Ukraine, komwenso kunkalamulidwa ndi Stalin, n'kulemba za njala yomwe inapha anthu mamiliyoni. Duranty anamutsutsa poyera. Paja boma linkaunika nkhani iliyonse isanatumizidwe kunja, ndipo wolinyoza ankatha kuthamangitsidwa. Mantha timawamvetsa, koma kunyoza mnzako wonena zoona n'kugulitsa ntchito. Mphoto ya Pulitzer yomwe Duranty analandira mu 1932, komiti yake inakana kuifafaniza mu 2003.