Vinyo wa maplamu: tigule makatoni kapena ayi?

FUNSO

Akonzi,

Tili ndi kagulu kathu kamene timakumana Loweruka madzulo kuno ku Area 10, aliyense n'kubwera ndi botolo lake. Chaka chatha mnzathu wina anabweretsa vinyo wa maplamu wopangidwa kuno kwathu, tonse tinanyambita milomo. Nditakamufuna ku Old Town patapita miyezi ingapo, ndinapezako wa magwafa ndi wa chidede basi. Tsopano wa maplamu uja wapezekanso, koma pabuka mkangano. Ena akuti wasiyana ndi wa chaka chatha, ena akuti tisonkherane tigule makatoni tisunge, poti vinyo amakoma akakhalitsa. Palinso mkulu wina amene akuti wopanda mphesa si vinyo, ndi juwisi woledzeretsa chabe. Tithandizeni.

Wowerenga wanu, Area 10, Lilongwe

YANKHO

Bambo, ndiyambe ndi akuluwo, chifukwa mlandu wawo ndi waufupi. N'zoona kuti ku Ulaya lamulo limati mawu oti vinyo akaima paokha amatanthauza wa mphesa, ndipo wa zipatso zina ayenera kutchulidwa ndi dzina la chipatso chake. Koma ntchito ya m'chigubu ndi imodzimodzi: yisiti amadya shuga, n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Mphesa zinangochita mwayi kuti zili ndi shuga wokwanira pazokha, pamene maplamu ndi magwafa amafuna kuwonjezeredwa. Ngati akuluwo sakukhutira, apite ku Area 3 kumene Dr Timothy Ngwira ndi akazi awo a Margaret anayambitsa vinyo wa Linga, wochokera ku jambula, maplamu, mapichesi, magwafa, mabulosi, sitiroberi ndi chidede, zogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono. Akalawe wa jambula, amve khambi lake likugwira lilime ngati mmene amachitira vinyo wofiira wa mphesa, kenako abwere anenenso za juwisi.

Nanga n'chifukwa chiyani kuno timadalira zipatso zina? Mphesa zopangira vinyo zimafuna dzuwa louma pa nthawi yakupsa. Kuno kutentha kumabwera limodzi ndi mvula, ndipo chinyezi chimaoletsa mphesa zisanakhwime bwino. Ku Stellenbosch ndi ku Paarl mvula imagwa m'chisanu, kukolola n'kuchitika kouma, pakati pa Januwale ndi Epulo. N'chifukwa chake mashelefu a ku Old Town ndi ku City Centre adzaza mabotolo a ku South Africa, dziko limene linafinya mphesa zake koyamba mu 1659.

Tsopano za kusowa kwa vinyo wanu uja. Wopanga wamng'ono alibe munda wa chaka chonse, amatsata chipatso. Maplamu ndi mapichesi amachokera kumalo ozizira a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo amadzaza mabeseni pa Lizulu chaka chikamapita kumapeto. Nyengo yake ndi yaifupi, chipatsocho sichichedwa kuwonongeka. Zimene wagula m'masabata amenewo ndizo vinyo wake wa chaka chonse. Azitsuka, achotsa nthangala, aziphwanya, aziika m'zigubu. Kuwira kwenikweni kumatha m'masabata ochepa, koma pambuyo pake pali miyezi yodikira kuti nsenga zikhazikike pansi, n'kumatsanulira vinyoyo m'chigubu china mosamala mpaka ayere mbee. Choncho botolo limene mukuliona lero ndi la zipatso za nyengo yapita. Likatha latha, palibe fakitale ina yokaoda. Chidede chili ndi mwayi woti chimaumitsidwa n'kusungika, pamene plamu wakupsa sadikira munthu.

Amene akuti wasiyana ndi wa chaka chatha mwina sakunama, koma asadandaule. Chaka cha mvula yambiri chipatso chimakhuta madzi, fungo lake n'kuchepa. Chaka cha dzuwa chimakhala chaching'ono koma chotsekemera kwambiri. Mayi wophika thobwa amadziwa kuti chimera cha chaka chino sichifanana ndi cha chaka chatha, ngakhale mphika ndi dzanja zili zomwezo. Makampani aakulu amasakaniza vinyo wa minda yambiri kuti kakomedwe kasasinthe, pamene wamng'ono alibe zosakaniza zochuluka chotero, ndipo kwa ine ndiye kukoma kwake kumeneko. Anthu a mphesa amalemba chaka pabotolo pa chifukwa chomwechi. Komanso, tinene mosabisa, lilime limaiwala. Botolo la chaka chatha munalimwa koyamba, mwina nyama ili pamoto, anzanu akuseka. Zimenezo sizilowa m'botolo la chaka chino.

Nkhani ya makatoni ndiyo ndikukuletsani. Zoti vinyo aliyense amakoma akakalamba ndi mphekesera imene yawonongetsa anthu ndalama zambiri. Vinyo wokhalitsa zaka khumi kapena kupitirira ndi wochepa kwambiri pa dziko lonse, ndipo amakhala wa khambi lamphamvu ndi asidi wokwanira kumuteteza. Wochuluka, wa mphesa yemwe, amapangidwa kuti amwedwe akadali mwana. Ku France kuli Beaujolais Nouveau amene amatuluka Lachinayi lachitatu la Novembala, patangopita masabata ochepa chikololereni, ndipo palibe amamusungira ukwati wa mdzukulu. Wa zipatso chuma chake ndi fungo la chipatsocho, ndipo fungo ndilo limayamba kuthawa. Wa sitiroberi ndi wa mapichesi musawachedwetse. Wa jambula ndi wa maplamu angapirireko chaka chimodzi kapena ziwiri ngati mwawasunga bwino.

Kusunga bwinoko ndiye vuto la Lilongwe. Vinyo amafuna malo amdima, ozizira pafupifupi madigiri 12 mpaka 15, osasinthasintha. Mu Okutobala kuno timadutsa madigiri 30, ndipo m'galaja ya malata kapena m'buti ya galimoto yoimikidwa padzuwa pa Capital Hill kumatentha kuposa pamenepo. Botolo likaphikidwa chotero mumaliona: chotsekera chimakankhika pang'ono, pakhosi pamakhala tomata, mtundu wofiira uja n'kuyamba kuoneka ngati tiyi. Ndaonapo nyumba zokongola za ku Area 43 mabotolo atawandandika pamwamba pa firiji, pafupi ndi chitofu, kuti alendo aziona. Amenewo ndi maluwa, si chakumwa.

Sonkheranani ndithu, koma katoni imodzi ikwana, mugawane. Aliyense aike ake pansi m'kabati ya zovala, kuchipinda chosawomba dzuwa lamadzulo, ndipo ngati chotsekera ndi cha koko (cork), botolo ligone chammbali kuti chisaume. Mukatsekula, lotsala libwerere m'firiji ndipo lithe m'masiku atatu kapena anayi lisanayambe kusasa. Kuti musamasemphanenso ndi vinyo wanu, musadalire shelefu ya m'sitolo. Pabotolo pamalembedwa dzina ndi keyala ya wopanga. Alankhuleni, afunseni kuti wa maplamu amatsanulidwa liti m'mabotolo, muwauze kuti ndinu angati. Wopanga wamng'ono amakondwa kudziwa ogula ake.

Za mkangano wa chaka chino ndi chatha, ngati wina anabisako botolo lakale, alitulutse Loweruka likubwerali. Mukulunge mabotolo onse awiri m'nyuzipepala, wina amene sakupikisana nawo atsanule, akulu a juwisi aja ayambe kulawa. Woyendetsa galimoto tsiku limenelo mumukonzere chidede chowiritsa chabe.