Phunziro la Mwezi Uno: Njinga, Magazi ndi Bakuli la Kamba

Kuwerenga: Marko 5:25-34

M'ndime ya leroyi tikumva za mayi amene anataya magazi kwa zaka 12, nawononga chuma chake chonse pofuna thandizo. Atachira, Yesu sanalole kuti azembe mwakachetechete m'khamu la anthu, koma anafuna kuti vuto limene ankalibisa linenedwe poyera. Ifenso tili ndi vuto la magazi limene timalipirira chamumtima. Lero tilinene.

Njinga imaulula

Kuno kwa Njombwa njinga ndiyo galimoto ya mayi. Timapita nayo kuchigayo, kumsika ku Chinkhoma, kusikelo ndi kumaliro, thumba la chimanga pakaliyala, mwana kumsana. Tsiku lina mnzathu wina anafika pamsonkhano akukankha njinga, yunifomu ili fumbi lokhalokha. Anati anangoona mdima m'maso n'kugwera m'mbali mwa msewu, lole ya mabelo a fodya ikudutsa pafupi. Poti ndinagwirapo ntchito ya unamwino, ndinatsitsa chikope chake cham'munsi. M'kati munali mwa mbuu, zikhatho zili zotuwa. Kwa miyezi yambiri ankadzida kuti wayamba ulesi, ndipo kunyumba ankamuuza kuti njinga ndiyo ikumumaliza magazi.

Njinga simaliza magazi. M'magazi muli chinthu chofiira chotchedwa himogulobini, chimene chimanyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'minofu. Thupi limachipanga ndi mchere wa ayironi. Ayironi akachepa, magazi amanyamula mpweya wochepa. Mukakhala pamkeka n'kumasankha fodya simungazindikire. Koma mukayamba kupalasa pamchenga, katundu ali kumbuyo, miyendo imafuna mpweya wambiri, mtima umathamanga, befu amakugwirani, chizungulire n'kubwera. Njinga yangoulula zimene zinalipo kale.

Achipatala amati magazi achepa ngati himogulobini watsika pansi pa 12 kwa mayi amene sali woyembekezera, kapena pansi pa 11 kwa woyembekezera. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali ndi magazi ochepa. Ndiye kuti mmodzi mwa atatu. Tayang'anani pabenchi pamene mwakhalapo.

Zizindikiro zina ndi kutopa msanga, mutu wosatha, zikhadabo zophwanyika, ndi chilakolako chodya dothi la pachulu kapena lapakhoma. Mayi wodya dothi tisamuseke, timuperekeze akayezetse.

Magazi amapita kuti?

Poyamba, kumwezi. Ngati mukusamba kupitirira masiku 7, kapena mukutaya magazi oundana ambiri, kanenani kuchipatala popanda manyazi. Mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi, apite msanga, chifukwa nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero. Kachiwiri, mimba zotsatizana pafupipafupi. Mwana amatenga ayironi kwa mayi ake, ndipo thupi limafuna nthawi kuti libwezeretse. Kachitatu, malungo amaswa magazi. Kachinayi, njoka zam'mimba zimene zimalowera kumapazi tikamayenda osavala nsapato m'madimba ndi m'nazale, komanso likodzo la m'madambo. Chomaliza ndi mbale yathu. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya mayi amadzuka kusanache, amagawira abambo, ana ndi aganyu, iye n'kutsala ndi nsima ya msuzi chabe.

Tidye chiyani?

Ayironi amene thupi limalandira mosavuta ali m'chiwindi, nyama, ndi nsomba zing'onozing'ono zodyera pamodzi ndi mutu monga usipa ndi matemba. Ngumbi ndi mphalabungu, zimene ena ayamba kuzinyoza, n'zothandizanso. Ayironi alinso m'nyemba, khobwe, nandolo, soya, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi kholowa, koma wa m'zomerayu salowa m'thupi mosavuta. Amafuna womuthandiza, ndiye vitamini C. Choncho mukadya nyemba, tsirizani ndi gwafa, mango, lalanje, masuku kapena malambe. Masamba musawaphike nthawi yaitali, ndipo muchepetse soda ndi chidulo chifukwa zimaononga mavitamini.

Tiyi amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Sindikuti tisiye tiyi, amayi, ndikudziwa mungandithamangitse. Koma tizimwa patapita ola limodzi kapena awiri chidyereni.

Magazi akatsika kwambiri chakudya chokha sichikwanira. Mapiritsi oonjezera magazi amene amapereka kuchipatala ndi kusikelo amwedwe mpaka nthawi imene mwauzidwa, ngakhale mutayamba kupeza bwino. Chimbudzi chikada musaope, ndi mmene amachitira. Akakuchititsani mseru, imwani mutadya kapena pogona. Muwaike patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa. Zakumwa zofiira za m'botolo sizionjezera magazi, ndi mtundu chabe.

Kamba tanyamulira muti?

Mayi wapanjinga asanyamuke ndi njala, atenge kamba ndi madzi. Koma apa pali nkhani yachiwiri: chakudya chabwino chikhoza kuonongeka ndi chotengera. Pulasitiki sachepetsa magazi, koma ali ndi ngozi zake, ndipo sizofanana kukula kwake.

Ngozi yaikulu kwa ife alimi a fodya ndi zigubu ndi mabotolo amene munali mankhwala ophera tizilombo, a udzu kapena a mphukira. Ndi zolimba, zili ndi chitsekerero chabwino, ndipo zimamangika bwino pakaliyala. N'chifukwa chake timaziona zili ndi thobwa, mafuta ophikira, mchere ndi madzi akumwa. Mankhwalawa amalowerera m'pulasitiki mwenimwenimo. Mungatsuke ndi sopo, phulusa ndi madzi otentha, poizoni amatsalabe n'kumatuluka pang'onopang'ono. Chigubu chotere chitsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe mu mpope wopopera mbewu, kenako chibooledwe kuti wina asachitole. Mlangizi wa zaulimi akuuzeni kokachitaya. Tisachitenso zobwezera, kuthira mankhwala kapena parafini m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana amangoona botolo n'kumwa. Wina akamwa mankhwala, n'kumatuluka dovu ndi thukuta kapena kusanza, musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa. Thamangani naye kuchipatala, chigubucho mutenge kuti adokotala awerenge dzina lake.

Ngozi yachiwiri ndi kutentha. Pulasitiki akatenthedwa, makamaka ndi chakudya cha mafuta, zina mwa zimene anamupangira zimalowa m'chakudya. Tisakulunge nsima yamoto kapena tchipisi m'jumbo, tisavundikire mpunga kapena chimanga chophika ndi pepala la pulasitiki pamoto, ndipo tisakolezere moto ndi majumbo, utsi wake ndi woipa. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Chifukwa chachikulu chinali chakuti amaononga nthaka, mitsinje ndi ziweto, koma ife kukhitchini tili ndi chifukwa chathunso.

Tembenuzani kontena yanu. Zambiri zili ndi nambala pansi, m'kachizindikiro ka ngodya zitatu. Ya nambala 5 imapirira kutentha kuposa zinzake. Nambala 1 ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, ndipo ndi ya zozizira zokha. Ngati palibe nambala, dikirani chakudya chizizireko musanaikemo. Choposa zonse pa chakudya chamoto ndi bakuli lachitsulo lija amayi athu ankanyamulira nsima kumunda.

Ngozi yachitatu ndi litsiro. Kontena yokalikakalika kapena yong'aluka imasunga tizilombo m'ming'alumo, ndipo botolo la kukamwa kwakung'ono silitsukika bwino m'kati. Chakudya chophika chikakhala pakaliyala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo chimasasa. Paulendo wautali nyamulani zosaonongeka msanga: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, dzira lophika losasenda ndi zipatso.

Mnzathu uja anamwa mankhwala a njoka zam'mimba ndi mapiritsi a magazi kwa miyezi itatu. Lero ndiye amayamba kufika pamsonkhano, ndipo wanyamula mnzake pakaliyala.

Mafunso okambirana

1. Ndani pakati pathu wayamba kutsika panjinga pamalo pamene kale ankapalasa bwinobwino? Adzamuperekeza kokayezetsa ndani, ndipo tsiku liti?
2. Kunyumba kwathu amayamba kugawiridwa ndiwo ndani, nanga amatsiriza ndani? Nkhaniyi tingaikambe bwanji ndi abambo, ndalama za fodya zisanathe?
3. Atsikana athu amene ayamba kusamba ndipo amapalasa njinga kupita kusukulu, tikuwaphunzitsa zotani?
4. Aliyense akayang'ane m'nyumba mwake sabata ino. Mwezi wamawa tidzauzane kuti taboola zigubu zingati za mankhwala.

Pemphero

Ambuye Yesu, Inu munaima pakati pa khamu chifukwa cha mayi mmodzi wodwala. Tipatseni maso oona mnzathu amene wafooka, ndi kulimba mtima kunena zimene zikutivuta. Dalitsani minda yathu, mbale zathu ndi maulendo athu apanjinga, kuti tizipita ndi kubwera ndi mphamvu zokutumikirani. Amen.