Ndege Ikagwa, Ofufuza Amayambira Pati? Nkhani ya ku Chikangawa

Anzanga, aliyense amene anayendapo ulendo wochoka ku Kachulu kupita m'tauni ya Zomba akudziwa malo otchedwa Airwing. Pajatu ndi pabwalo la ndege za asilikali, ndipo ndi pamene pankakhala ndege ya Dornier 228 imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024. Mwina ena a ife tinkaiona ikudutsa pamwamba pathu, ife tili m'munda. Anthu onse 9 amene anali m'ndegemo anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi mayi Shanil Dzimbiri.

Ndegeyo inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe cham'ma 9 koloko m'mawa, ulendo wa ku Mzuzu, anthuwo akupita kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Ulendowu sutenga ndi ola lomwe. Koma kumpoto kunali chifunga ndi mvula yowaza, ndipo ndegeyo sinafike. Inapezeka mawa lake, pa 11 Juni. Zonena zinachuluka, pamsika, padoko, ngakhale m'kalasi muno. Cholinga changa si kutsutsana ndi munthu, koma kuti tione mmene akatswiri amagwirira ntchito yofufuza ngozi yotere, poti muli Physics ndi Biology yathu yomwe ija.

Tiyambe ndi kutera. Ndege imakhala m'mwamba chifukwa cha mpweya wodutsa pamapiko ake. Liwiro likachepa, mphamvu yoinyamula imachepanso, ndiye woyendetsa amadzutsako mphuno ya ndege kuti phiko likumane ndi mpweya mopendekeka. Koma kupendekekaku kuli ndi malire. Kukapitirira madigiri pafupifupi 15, mpweya umasiya kuyenda bwino pamwamba pa phiko, ndipo ndege imayamba kutsika mwadzidzidzi ngakhale injini ikulira bwinobwino. Izi zikachitika kumwamba kwenikweni, woyendetsa amatsitsa mphuno, liwiro n'kubwerera. Nanga zikachitika ndege itatsala mamita 50 kuti ifike pansi? Malo okonzera cholakwa palibe. N'chifukwa chake ngozi zambiri za ndege zing'onozing'ono zimachitika potera: ndege imakhala ili pansi, ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo mphepo yowomba cham'mbali ingathe kuikankha, monga mmene imachitira ndi bwato likamayandikira doko. Oyendetsa amaphunzitsidwa kuti akaona kuti sizili bwino awonjezere moto, akwerenso, akazungulire n'kuyesanso. Palibe manyazi pamenepo.

Kumeneko ndiye kulephera kuwongolera ndege. Koma pali ngozi ya mtundu wina, imene ndege yabwinobwino, ikumvera woyendetsa, imakagunda phiri chifukwa iye sakuliona. Ofufuza amasiyanitsa ziwirizi poyang'ana pamalo pomwe yagwera. Ndege yozondoka imagwera pamalo amodzi, zidutswa zili pafupipafupi. Imene imauluka mowongoka imadula mitengo n'kusiya mzere wa zidutswa. Amaonanso mmene mapulopela apindikira kuti adziwe ngati injini imagwira ntchito, amayeza mafuta, amawerenga mabuku okonzera ndegeyo, amafunsa za nyengo ndi za oyendetsa.

Chifunga nchoopsa kuposa mmene timaganizira. A Fomu 3 ndi 4 mukukumbukira timachubu titatu ta m'kati mwa khutu timene timathandiza munthu kuima osagwa? Timadziwa kuti thupi layamba kutembenuka, koma kutembenukako kukakhala kwa pang'onopang'ono sitimva kanthu. Maso ndiwo amakonza bodza limeneli. Mumtambo maso alibe chogwira, ndiye woyendetsa angamve ngati ali chilili pamene ndege yapendekeka. Tayesani kuzungulira mutatsinzina, kenaka muime, muona. Asodzi athu amazidziwa: chifunga chikatseka nyanja m'mawa, chilumba cha Chisi osaoneka, munthu amatha kupalasa n'kumangozungulira malo amodzi. Kusiyana kwake n'koti bwato ungaliimitse n'kudikira kuti kuyere. Ndege siima.

Tsono za ku Chikangawa. Boma linapempha bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, BFU, poti ndegeyo inapangidwa komweko. Malamulo a dziko lonse a bungwe la ICAO amati kafukufuku wotere cholinga chake n'kupewa ngozi ina, osati kupeza woti aimbidwe mlandu. Akatswiriwo atafika anapeza kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, inalibenso ojambula kayendedwe ka ndege. Awa ndi aja timawatcha black box, ngakhale kuti mtundu wake ndi wa olenji kuti asavute kupeza. Choncho mawu omaliza a oyendetsa palibe amene anawamva. Chinawathandiza ndi kachipangizo ka GPS kamene kanapezeka m'zidutswa, kamene kanasunga njira yomwe ndegeyo inadutsa ndi kutalika kumene inkauluka.

Lipoti loyamba linatuluka mu Ogasiti 2024, lomaliza mu Juni 2025. Linati oyendetsa anapitiriza ulendo akuuluka m'munsi, nyengo ili yoipa, malo osaoneka bwino, mpaka ndege inagunda mtunda wokwera. Mwa mitundu iwiri ija, iyi ndi yachiwiri. Komiti ina imene boma linakhazikitsa, yotsogozedwa ndi jaji Jabbar Alide, inanena mu Disembala 2024 kuti sinapeze umboni wa chiwembu. Alipo Amalawi ambiri amene sanakhutire, ndipo ine sindikuwadabwa. Pamene palibe mawu ojambulidwa, mpata wa mafunso umatsala, ndipo mpatawo sunasiyidwe ndi chifunga ayi, unasiyidwa ndi anthu amene sanaike zipangizo m'ndege.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri ine ndi ichi. Ndege zimakhala ndi kawailesi kotchedwa ELT, kamene kamayamba kokha kutumiza chizindikiro ndege ikagunda pansi, kuti opulumutsa adziwe kolowera. Mu Dornier ija kanalimo, koma sikankagwira ntchito. Batire lake linayenera kusinthidwa mu 2004, ambiri a ife tisanabadwe n'komwe. Asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi anavutika m'nkhalango, m'chifunga ndi m'chisanu cha mwezi wa Juni, kufunafuna ndege imene ikanatha kudziulula yokha. Mwa malangizo amene BFU inapereka, ena anali akuti ndege za asilikali zonyamula anthu zizikhala ndi ELT yogwira ntchito.