Phunziro la Kompyuta: Kabowo ka M'mbali mwa Laputopu



Malaputopu akale omwe sukulu zimalandira ngati mphatso nthawi zina amabwera opanda Wi-Fi, ndipo anthu amafulumira kunena kuti ndi otha ntchito. Musanawaponye mustolo, yang'anani m'mbali mwake. Mukaona kabowo kopyapyala kokwana khadi la ku banki, dziwani kuti chomwe kompyutayo ikusowa chikhoza kulowera pamenepo.

Khadi lake limatchedwa PC Card, ena amati PCMCIA potengera dzina la bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1989 kuti makadiwa azipangidwa mofanana. M'litali ndi mamilimita 85.6, m'lifupi 54, ndendende khadi la ATM, koma ili ndi lochindikala. Kumapeto kwake kuli timabowo 68 momwe mumalowa tizitsulo ta mkati mwa laputopu. Tizitsuloti timasiyana kutalika, ndipo anachita dala. Tamagetsi ndi tatitali, choncho timayamba kugunda. Tiwiri tatifupi kwambiri timagunda pomaliza, ndipo ndi timeneti timauza kompyuta kuti khadi lakhazikika. N'chifukwa chake mungathe kulilowetsa kompyuta ili chiyakire.

Likalowa, khadi limadzifotokoza ngati mlendo yemwe wapereka salamu pakhomo: limatchula kampani yomwe inalipanga, ntchito yake ndi mphamvu ya magetsi yomwe likufuna. Windows ikamva zimenezi imafufuza driver, pulogalamu yomwe imaiphunzitsa kulankhula ndi khadilo. Ikaisowa, mukatsegula Device Manager mupeza kachizindikiro kachikasu pa dzina la khadi. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi n'kumati khadi ndi lakufa, pomwe lili bwinobwino. Ndipo taonani msampha wake: driver wa khadi la Wi-Fi ali pa intaneti, yomwe laputopuyo sinathe kuifikira. Mukopereni pa flash kuchokera pa kompyuta ina musanayambe ntchito.

Pochotsa, yambani mwadina Safely Remove Hardware, kenako kabatani ka pambali pa kabowo.

A komiti, chenjerani pogula. Mu 2003 kunabwera mtundu wina, ExpressCard, wa mamilimita 34 kapena 54 m'lifupi, wokhala ndi tizitsulo 26 tokha. Mitundu iwiriyi silowana, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani. La mamilimita 34 limalowa m'kabowo ka ExpressCard ka 54, koma la 54 silingalowe m'ka 34. Amene atumidwe kukagula alembe dzina ndi nambala ya laputopu zomwe zili kunsi kwake, ajambulenso kabowoko pa foni.