DZIMBIRI LA KUNSI KWA GALIMOTO

Kuno kwa Nsamala galimoto ndi chuma chachikulu. Imanyamula thonje, chimanga ndi nandolo kupita nazo kumsika wa pa Balaka. Imanyamula fetereza nthawi ya dzinja ikamayandikira. Munthu akadwala usiku, ndiyo imathamanga naye kuchipatala. Galimoto zambiri za m'midzi mwathu ndi zakale. Tsono tiyenera kudziwa kasamalidwe kake.

Eni galimoto ambiri amatsuka pamwamba pokha. Penti ikawala, basi, mtima uli m'malo. Koma mdani wa galimoto amakhala kunsi, kumene maso sapenyako. Mdaniyo ndi dzimbiri. Limadya chitsulo monga chiswe chidyera phaso la nyumba: kunja kooneka bwino, m'kati mutatha kale.

Kodi dzimbiri limabwera bwanji?

Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, chimachita dzimbiri. Khasu losiyidwa pamvula limatero. Galimoto nayonso imatero. Pali zinthu zitatu zimene zimafulumizitsa dzimbiri kuno kwathu.

Choyamba ndi matope. Msewu wa tala ndi uja wochoka pa Chingeni kudutsa pa Balaka kunka ku Liwonde. Koma ya m'midzi ndi yafumbi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi fumbi lija limasanduka matope. Matope amakakamira kunsi kwa galimoto. Kunja amauma, koma m'kati amasunga chinyezi masabata ambiri.

Chachiwiri ndi fetereza. Fetereza, monga Urea ndi CAN, amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo. Thumba likabooka, timibulu timalowa m'mipata ya bodi. Mvula ikagwa timasungunuka, n'kutsikira kunsi.

Chachitatu ndi mchere. Mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Madzi otere si abwino kutsukira galimoto. Dziwaninso kuti galimoto zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan kapena ku Mangalande. Kumeneko, m'madera ozizira kwambiri, amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Choncho galimoto ina imafika kuno dzimbiri litayamba kale. Pogula, suzumirani kunsi.

Malo oyenera kuyang'ana

Yang'anani chasisi, ndiye kuti zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula galimoto yonse. Chasisi ndi msana wa galimoto. Yang'anani pamene masipuling'i agwirana ndi chasisi. Yang'anani m'kati mwa madigadi, pansi pa zitseko, ndi pansi pamene woyendetsa amaponda. Musaiwale timapaipi ta mabuleki ndi thanki ya mafuta. Kapaipi ka mabuleki kakabooka, mafuta ake amatayika ndipo galimoto siima. Apa ndiye pali moyo wa anthu.

Tengani hamala yaing'ono, mugogode pang'onopang'ono. Chitsulo chabwino chimalira ngwee! Chodyeka chimangoti phuu, mwinanso n'kuyoyoka. Dzimbiri likakhala la pamwamba pokha, ntchitoyo mungathe kuigwira nokha. Koma hamala ikaboola, kapena chasisi ikang'aluka, penti sithandiza ayi. Pitani kwa mmisiri woocherera zitsulo. Iye adule podyekapo, aikepo chitsulo chatsopano.

Kagwiridwe ka ntchito

Nthawi yabwino ndi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mvula imakhala italeka ndipo fetereza musanayambe kunyamula. Konzani burashi yawaya, sandipepa, nsanza zouma, penti ya Red Oxide, penti yakuda yokutira kunsi, ndi girizi. Zimenezi amagulitsa m'masitolo a zipangizo.

1. Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba. Tsekerani matayala ndi miyala. Mukaikweza ndi jeke, ikani zipika zolimba pansi pa chasisi. Musalowe kunsi kwa galimoto yodalira jeke yokha. Njerwa nazonso ayi, zimaphwanyika. Pakhale mnzanu pafupi.

2. Gwetsani matope onse ndi kamtengo. Tsukani ndi madzi abwino ndi sopo. Pa chasisi ndi pansi pa zitseko pali timabowo totulutsira madzi. Titsekuleni ndi waya.

3. Isiyeni iume tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Penti yopakidwa ponyowa imatsekera madzi m'kati.

4. Palani dzimbiri ndi burashi yawaya. Malizani ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke. Valani magalasi oteteza maso, ndipo mangani nsalu pamphuno. Timapaipi ta mabuleki musatipale mwamphamvu. Tikakhala tadyeka, makaniko atisinthe.

5. Pukutani fumbi ndi mafuta onse. Ngati mwapeza mankhwala opha dzimbiri, pakani m'malo mmene burashi yalephera kufika. Mankhwalawa amasandutsa dzimbiri kukhala lakuda ndi lolimba. Amaotcha khungu, choncho valani magolovesi.

6. Pakani Red Oxide tsiku lomwelo. Chitsulo chopalidwa sichichedwa kuchitanso dzimbiri. Ikauma, pakaninso kachiwiri. Werengani malangizo olembedwa pachitini. Ngati ali m'Chingerezi, funsani mphunzitsi wanu akuthandizeni.

7. Pomaliza kutirani ndi penti yakuda ija. Pakani girizi pa mabauti ndi manati. Samalani kuti penti kapena girizi zisafike pa mabuleki ndi pa ekizozi.

Chenjerani ndi izi

Ena amapaka phula pamwamba pa dzimbiri osapala. Kumeneko n'kuphimba chilonda ndi nsalu chisanatsukidwe. Dzimbiri limapitiriza kudya mwakachetechete. Tsiku lina galimoto itasenza matumba, chasisi imangoti thyo!

Ena amathira oyilo wakutha wa mu injini. Inde amatchinga madzi kwa kanthawi. Koma amafewetsa malabala, amakoka fumbi, ndiponso akadontha amaononga nthaka ndi madzi a m'zitsime.

Pootcherera, moto usayandikire thanki ya mafuta. Thanki ndi yoopsa ngakhale mutatha petulo, chifukwa mpweya wake umaphulika. Mmisiri ayambe wachotsa waya wa batire.

Ntchito ikatha, musagone. Yalani pepala lapulasitiki ponyamula fetereza, ndipo sesani mukatsitsa. Mukaoloka madzi kapena kudutsa m'matope ambiri, tsukani kunsi. Usiku musaimike galimoto pa udzu wautali, pakuti mame amanyowetsa zitsulo. Chaka chilichonse, mvula ikatha, lowaninso kunsi muyang'ane. Kumbukiraninso kuti galimoto imayenera kupimidwa kuti ilandire chiphaso cha COF. Chitini cha penti n'chotsika mtengo kusiyana ndi chasisi. Malangizo omwewa agwiranso ntchito pa ngolo, wilibala ndi njinga.

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene chitsulo chikakumana nazo chimachita dzimbiri.
2. N'chifukwa chiyani fetereza ndi woopsa kwa galimoto?
3. Kodi n'kulakwa kotani kupaka phula pamwamba pa dzimbiri?
4. Ndi liti pamene muyenera kupita kwa woocherera zitsulo?

Zochita

Lembani m'kope mwanu zipangizo zisanu ndi chimodzi zofunika pa ntchitoyi. Mukapita kumsika, funsani mitengo yake. Lembani mitengoyo, muphatikize pamodzi. Mawa mudzakambirane ndi anzanu m'kalasi.